Mayinasi a Nambala 52

Mndandanda wa osewera unafika pa foni ya Phoebe Lachitatu masana, ali m'basi yochokera ku Wigston. Anautumiza ndi Shaheen, mayi woyang'anira tsamba la pa intaneti la timu ya Sence Stokers. Pansi pake anawonjezera mawu ochepa: nkhani yofotokoza mmene timu ilili ligi isanayambe ikufunika Lachisanu m'mawa, utsindike za difensi, mayinawa usauze munthu.

Phoebe anawerenga mayina onse 45. Kenako anawerenganso kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Dzina la mchimwene wake, Chiukepo, munalibe.

Timuyi imasewera mpira wa chiAmerika, uja wa zisoti ndi zotchinga m'mapewa, umene mayi awo amautcha ndewu yokhala ndi woimbira. Chiukepo anausewera ulere zaka zisanu ndi zinayi. Ankafika pabwalo kuchokera ku shifiti yake ku nyumba yosamalira okalamba ku Oadby, nthawi zina yunifolomu ya kuntchito ikuonekera m'khosi mwa jezi. Chaka chino timu inali kulowa ligi yatsopano ya osewera olembedwa ntchito. Ofuna malo anabwera 70, ndipo kwa masabata asanu ndi limodzi onsewo ankamwetulirana kwinaku akuwerengana.

Phoebe analowa m'timuyi kudzera pa laputopu. Atamaliza digiri yake ya masamu, kochi wa difensi, a Darlington, anamupempha kuti aziwaonera mavidiyo a zokonzekera ndi kupereka malikisi. A Darlington sanali mlendo. Anachokera ku Chipata kalekale, ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, ndipo ndi iwo amene anaphunzitsa Chiukepo kugwetsa munthu pa udzu wa ku Spinney Hill Park, mnyamatayo akadali wamiyendo ngati ndodo. Ana onse awiri amawatcha ankolo.

Ntchitoyo inali yosavuta kuimvetsa. Mpirawu umaseweredwa modukizadukiza: ayamba, agwetsana, aima, ayambanso. Ulendo uliwonse, wosewera aliyense wa difensi amakhala ndi mpata wake woti autseke kuti wonyamula mpira asadutsepo. Akaima pa mpata wake, pulasi. Akausiya, mayinasi, ngakhale atakagwetsa munthu kwina anthu n'kuwomba m'manja. Pepala lake linali ndi mizere iwiri yokha. Panalibe mzere wolembapo chifukwa.

Tsiku loyamba Phoebe anafunsa mosapita m'mbali.

"Ankolo, malikisi amenewa mudzadulira anthu m'timu?"

"Aa, iwe. Izi n'zophunzitsira chabe," anatero a Darlington, dzanja lili pachifuwa ngati akutsogolera nyimbo. "Kudula munthu ndimadula ndi maso anga. Lamulo ndi limodzi basi: wolemba malikisi sakamba za vidiyo ndi osewera. Ngakhale m'bale wako. Makamaka m'bale wako."

Phoebe anasunga lamulolo monga amasungira malamulo anthu amene angoyamba kumene ntchito. Kunyumba ankatseka laputopu Chiukepo akalowa m'khitchini. Pa vidiyo sankaona mchimwene wake, ankaona nambala 52. Ndipo nambala 52, amene malo ake anali pakati pa difensi, chaka chino anali ndi chizolowezi chachilendo. Mpira ukangoyamba ankatsetserekera kumanzere, masitepe awiri, nthawi zina atatu, n'kusiya mpata wake pululu. Kumanzereko kunkaima Jeremy, mnyamata watsopano amene eni timu anamutenga ku ligi ya ku Germany, waliwiro ngati njinga yamoto, amene nkhope yake inali kale pa zikwangwani za timu. Phoebe anaona kuti kawirikawiri 52 akapita kumanzere amakagwetsa munthu. Anaonanso kuti pepala silifunsa zimenezo. Analemba mayinasi. Pofika Lachiwiri masana, pamene anapereka pepala lomaliza, mayinasi a nambala 52 anakwana 31. Anamva kunyada pang'ono, kuti palibe amene anganene kuti wakondera.

Anatsika basi ku Highfields n'kuyenda wapansi kudutsa golosale ya pakona ndi mzikiti, ana a madrasa akutuluka ndi zikwama zawo. Ankakonza mawu m'mutu. Shaheen anati asauze munthu, koma mchimwene wako amene wadulidwa si munthu wamba.

Sanafunikire kunena kanthu. Chiukepo anali pa tebulo la m'khitchini, atavala yunifolomu ya kuntchito, tiyi atazizira m'kapu. Patsogolo pake panali pepala lopindidwa kanayi n'kutambasulidwanso. Phoebe analizindikira ali pakhomo. Linali pepala lake la malikisi, dzina lake lili pamwamba.

"Wabwera, pulofesa," anatero Chiukepo.

"Achimwene."

"Anandiimbira m'mawa. Akuti bwera ku ofesi, utenge ndi buku la mapulani a timu. Ukamva kuti utenge buku, umadziwa. Ndakhala ndikuona anzanga akupita ndi buku n'kubwerako manja ali m'thumba." Anasalaza pepalalo ndi chikhatho. "Koma ine ndinapita ndikuseka. Ndimati mwina akufuna kundipatsa ukaputeni."

"Ananena kuti chiyani?"

"Ankolo? Analira. Misozi yeniyeni, ndinachita kuwapatsa tishu ine wodulidwa. Akuti, mwana wanga, ndakumenyera nkhondo, manje manambala ndi awa, ndipo walemba ndi mlongo wako yemwe. Ndinganene chiyani kwa mabwana?"

Phoebe anakhala pansi, chikwama chikadali paphewa.

"Anandiuza kuti n'zophunzitsira."

"Ndaphunzira."

"Achimwene, mumachoka pa mpata. Ndinalemba zimene ndinaona. Maulendo 31, mukhoza kuwerenga nokha."

"Ndikudziwa kuti ndimachoka. Ukuganiza kuti zaka naini zonsezi sindikudziwa pamene pali mpata wanga? Ndikhoza kuupeza nditatseka maso, nditanyamula agogo a m'chipinda nambala foro." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Sabata yoyamba, pa malo oimika magalimoto, ankolo anandikokera pambali. Akuti, mwana uyu Jeremy ali ndi miyendo koma sawerenga mpira, amathamangira kumene kulibe kanthu. Uzimuphimba kufikira atazolowera. Usauze anzako, angamuderere. Ndiye ndamuphimba masabata sikisi. Iye pa vidiyo ali pa malo ake, waima bwinobwino ngati chithunzi, munthu akumudutsa, ine ndikubwera kudzatola. Iwe unamupatsa chiyani?"

Pa pepala la Phoebe, Jeremy anali ndi mayinasi asanu ndi limodzi.

"Unaona kuti ndikugwetsa anthu kumeneko?"

"Ndinaona."

"Sunadabwe?"

"Ndinadabwa."

"Chipinda changa ndi chako zasiyana khoma limodzi. Ndimakumva ukamayetsemula. Sukanagogoda?"

"Anati ndisakambe nanu."

"Inenso anati ndisakambe ndi munthu." Chiukepo anaimirira n'kutsanulira tiyi m'sinki. "Tonse ndife ana omvera. Mayi atilera bwino."

Anatenga makiyi a galimoto. Shifiti yake inali kuyamba sikisi koloko. Pepala analisiya pa tebulo.

Lachinayi m'mawa Phoebe sanapite kuntchito kwake kwenikweni, ku ofesi ya inshuwalansi kumene amawerengera ngozi za anthu ena. Anaimba foni kuti mutu ukumupweteka, zimene zinali zoona. Anatsegula mavidiyo onse n'kuyamba kuwerenga zimene pepala silinamufunse. Pa maulendo 31 aja, Chiukepo anagwetsa wonyamula mpira maulendo 24, onse kumbuyo kwa Jeremy. Pa masewero oyeserera ndi timu ya ku Northampton, Chiukepo anapumitsidwa chigawo chachiwiri. Adaniwo anathamangira mbali ya Jeremy maulendo 14 ndipo anadutsa maulendo asanu ndi anayi. Jeremy maulendo onsewo anali pa mpata wake. Pulasi, pulasi, pulasi, m'zilembo za Phoebe.

Kenako anatsegula mndandanda uja pa laputopu kuti akopere mayina m'nkhani yake. Pa foni sunkaoneka wonse. Pa laputopu, pakona ya pamwamba, panali chidindo cha ligi chosonyeza nthawi imene mndandandawo unalandiridwa: Lolemba, 9:40 m'mawa.

Anayang'ana chidindocho nthawi yaitali. Pepala lake lomaliza analipereka Lachiwiri masana.

Phoebe anawapeza a Darlington pabwalo la ku Wigston cha m'ma foro koloko, akuyala timakoni tapulasitiki pa udzu, osewera asanafike. Kamvula kanali kuwaza, kaja kosanyowetsa msanga koma kosasiya. Atamuona anatambasula manja.

"Mwana wanga! Ndimafuna kukuimbira. Zinthu zowawa, zowawa kwambiri. Chiukepo ali bwanji?"

"Ali kuntchito. Ankolo, mndandanda unapita ku ligi liti?"

"Aa, za maofesi izo amadziwa ndi Shaheen."

"Unapita Lolemba m'mawa. Malikisi anga ndinakupatsani Lachiwiri."

A Darlington anawerama n'kusuntha kakoni kamodzi pang'ono, ngati kanali kolakwika malo.

"Malikisi a masabata am'mbuyo tinali nawo kale."

"Munali nawo. Ndipo sabata iliyonse mumaona mayinasi akuchuluka, inu mukudziwa chifukwa chake. Munamuuza nokha kuti aziphimba Jeremy."

"Wakuuza zimenezo?"

"Akunama?"

"Sindinati akunama." Anaongoka, dzanja lili m'chiuno. Nkhope yawo inali yachifundo monga imakhalira pa maliro. "Manje mvera, Phoebe, ndiwe wophunzira. Pakati paja malo analipo anayi. Jeremy anabwera ndi mabwana, ameneyo sakhudzidwa. Awiri ndi ana a zaka twente-thuu. Wachinayi amathanso kusewera malo awiri. Chiukepo ali ndi zaka twente-naini, bondo lake umalidziwa, ndipo Loweruka lina lililonse ali pa shifiti. Nkhaniyi inatha mu June, tisanayale ngakhale koni imodzi."

"Ndiye bwanji simunamuuze mu June?"

"Ndani akanamuphunzitsa Jeremy?"

Ananena mosavutika, ngati akufunsa kuti ndani watseka chitseko. Phoebe anamva madzi a mvula akutsikira m'khosi mwa jekete lake.

"Chabwino. Munafuna kumudula, munamudula. Pepala langa munalitulutsiranji?"

A Darlington anayang'ana kumapeto kwa bwalo, kumene galimoto yoyamba inali kulowa.

"Mayi ako ndimakhala nawo benchi imodzi Lamulungu lililonse. Zaka twente. Bambo ako atamwalira ndinanyamula bokosi. Ukufuna ndikaime pamaso pawo ndinene kuti mwana wanu ndamutaya ine, ndi maso anga?" Anapukusa mutu. "Pepala silidana ndi munthu. Iwe ndi m'bale wako mudzakhululukirana, ndinu magazi amodzi. Ine akanandikhululukira ndani?"

"Munaganiza bwino ndithu."

"Usalankhule choncho. Sunalembe bodza ngakhale limodzi."

"N'chifukwa chake munasankha ine."

"Ndipo ntchito yako mabwana aikonda. Akuti chaka chino uzikhala m'chipinda cha makochi pa masewero onse. Mtsikana wa ku Highfields! Uganizire zimenezo." Anamugwira paphewa. "Nkhani ya mawa ija ulembe bwino. Difensi yachinyamata, yaliwiro. Anthu agule matikiti."

Osewera anayamba kutsika m'magalimoto, zisoti zili m'manja. Jeremy anamuona Phoebe n'kumukwezera dzanja mwaulemu. Anali mwana wabwino. Mwina sankadziwa n'komwe kuti kwa masabata asanu ndi limodzi kumbuyo kwake kunali munthu.

Madzulo amenewo mayi awo, a Fyness, anafika kuchokera kuntchito kwawo kuchipatala cha m'ma eyiti, n'kukhala pa mpando wa pakhomo kuvula nsapato.

"A Darlington anandiimbira pa nthawi yopuma," anatero osakweza mutu. "Munthu wamkulu kulira pa foni. Akuti anayesetsa." Anaika nsapato pambali, imodzi pafupi ndi inzake. "Sindikudziwa za mpira wanuwo, Phoebe. Koma sukulu tinakutumiza kuti uzikawerengera anthu akunja. Wakwanu umayamba wamufunsa."

Phoebe anatsegula pakamwa kuti anene za Lolemba, za chidindo, za malo oimika magalimoto. Anaona mapazi a mayi ake otupa ndi maola khumi ndi awiri, ndipo anaganiza za benchi ija. Anapita kukawatenthetsera madzi.

Nkhaniyo anailemba Lachisanu m'mamawa. Analemba za mzere wakutsogolo, kuti ndi wolemera ndiponso wodekha. Analemba za anyamata awiri a kumbuyo amene amalumpha ngati alibe mafupa. Zonsezo zinali zoona. Ndime yachinayi analemba kuti funso lalikulu la difensi ya chaka chino lili pakati chakumanzere, kumene pa zokonzekera mabowo ambiri ankatsekedwa ndi Chiukepo, nambala 52, amene anasiya malo ake maulendo 31 pomvera malangizo ndipo sali pa mndandanda. Anaikapo 24 uja, ndi 14, ndi asanu ndi anayi. Anatumiza.

Nkhani inatuluka masana. Inali ndi chithunzi chachikulu cha Jeremy, mutu wonena za difensi yachinyamata ndi yaliwiro, ndi dzina la Phoebe pansi pa mutuwo. Kuchoka pa ndime yachitatu inalumphira pa yachisanu, ndipo inkawerengeka bwino kwambiri. Shaheen anatumiza uthenga: ndafupikitsa pang'ono, a Darlington anaiona kaye, akuti wagwira ntchito yabwino.

Phoebe anayankha kuti laputopu ya timu akaisiya ku ofesi Lolemba, pamodzi ndi buku.

Loweruka m'mawa anamva Chiukepo akuyenda m'chipinda chake. Ulendo uno anagogoda. Anamupeza akulongedza zotchinga m'mapewa m'chikwama chachikulu, chisoti chili pa bedi, chizindikiro cha Stokers atachimatula n'kusiya banga la guluu.

Anamupatsa mapepala awiri. Loyamba linali ndime yachinayi ija. Lachiwiri linali mndandanda, chidindo atachizunguliza ndi cholembera chofiira. Chiukepo anawerenga ataimirira, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Lolemba," anatero.

"Ee. Ndisanapereke."

"Ndiye sunandidule ndiwe."

"Ayi."

"Unangosainira." Anapinda mapepalawo n'kuwaika pawindo. "Twente-foro pa sate-wani. Sindinkadziwa kuti zinali zambiri choncho."

"Zikanakhala twente-faifi mukanapanda kuterereka tsiku la mvula lija."

"Nsapato zinali zakutha." Anatseka zipi ya chikwama mpaka pakati, pamene imakanira nthawi zonse. "Mayi wawauza?"

"Ayi. Mawa akakhala nawo benchi imodzi."

"Asiye. Akhale." Anakoka zipiyo mwamphamvu ndipo inatseka. "Kuli timu ku Derby, ya ligi yapansi. Salipira. Kochi wawo akuti ndipite lero akandione, koma akufunanso vidiyo. Laputopu ukadali nayo?"

"Mpaka Lolemba."

"Unditumizire maulendo sate-wani amenewo. Onse, ngakhale loterereka lija."

"Ndiwonjezerepo manambala? Ndikhoza kulemba bwinobwino, kuti aone kuti..."

"Ayi." Anakoleka chikwama paphewa n'kutenga chisoti. "Vidiyo yokha. Usalembepo kanthu. Aone okha."

Anatsika masitepe, chikwama chikugunda khoma. Kale Loweruka lililonse la mpira akafika pansi ankakuwa kuti, pulofesa, ukukwera kapena ukuyenda wapansi? Phoebe anaima pamwamba pa masitepe, nsapato atavala kale. Anamva chitseko chikutsekedwa, kenako galimoto ikulira kawiri isanadzuke.

Anabwerera m'chipinda chake n'kutsegula laputopu. Vidiyo iliyonse inali ndi kachizindikiro kofiira ka mayinasi pakona, kamene anakaika yekha. Anayamba ndi yoyamba, ya sabata yoyamba ya June: nambala 52 akuyang'ana kumanzere, masitepe awiri, atatu. Anafufuta kachizindikiroko n'kupita pa yachiwiri.